Mipukutu Makumi Atatu ya Nsalu ya Buluu

Kalata imene inamulasa Singano, mayi wosoka zovala, inafika Lolemba m'mawa, m'chikwama cha mayi wina amene anangobwera kudzasoketsa zipi ya siketi. Mayiyo analibe mlandu. Anaitulutsa ngati nkhani yocheza, n'kuiyala pathebulo lodulirapo nsalu.

"Atelala, mwaiona iyi? Ana abwera nayo Lachisanu. Akuti tiyambirenso kugula, ngati ndalama timachita kutola pamsewu."

Singano anavula magalasi, anawapukuta ndi epuloni, n'kuwavalanso. Kalatayo inali yaifupi. Sukulu ya kumtunda kwa msewu inkadziwitsa makolo onse kuti kuyambira teremu ikubwerayi yunifolomu idzakhala yofiirira, ndipo mwana wovala ya buluu adzabwezedwa pageti. Pansi pake panali chidindo cha ahedi.

Singano anacheuka n'kuyang'ana khoma lakumbuyo. Kumeneko, kuyambira pansi mpaka kudenga, kunasanjikizana mipukutu makumi atatu ya nsalu ya buluu, yonse ikadali m'mapulasitiki ake. Sinali nsalu yoti munthu n'kusokera diresi lotchenera. Inali nsalu yasukulu, yokhuthala, yolimba, ija mwana amakwawa nayo chaka chonse osang'ambika. M'mipukutu imeneyo munali ndalama zonse zimene Singano anasunga pa zaka khumi ndi zisanu, osatsala ndi ya sopo yomwe.

"Bwanji kodi, mwadwala?" anafunsa mayiyo.

"Zipi yanu mudzatenge mawa."

"Koma munati ndidikire, ndi ya mphindi zisanu."

"Ndati mawa, mayi. Kalatayi ndisiyireni."

Mayiyo anatuluka akung'ung'udza kuti atelala onse ndi amodzi, mawa lawo silifika. Singano anamuleka apite. Likanakhala tsiku lina akanamuyankha mpaka kumuperekeza pamsewu, pakuti dzina loti Singano sanachite kulitola. Anamupatsa ndi atelala anzake chifukwa anali wochepa thupi, wowongoka, ndipo akakubaya ndi mawu unkakamva kuwawa utafika kale kwanu.

Zaka khumi ndi zisanu zimenezo anazithera pakhonde la shopu ya munthu wina, makina ake ali pakati pa chitseko ndi ngalande. Dzuwa linkamupeza pomwepo, mvula inkamupeza pomwepo. Mwini shopuyo ankatenga theka pa chovala chilichonse, ati ndi za khonde, ngati kuti khondelo linkathandiza kupalasa makina. Ankamudyera masuku pamutu dzuwa likuswa mtengo, ndipo Singano ankadziwa bwino lomwe. Anapirira chifukwa anali ndi mlongo wake wamng'ono, mnyamata, woti amuphunzitse. Pamene mayi awo ankamwalira, mwanayo anali asanayambe n'komwe sukulu. Anamubereka kumsana ndi Singano, anamusambitsa ndi Singano, ndipo chiyambire kusoka, kope lililonse limene mwanayo analembamo linatuluka pansi pa makina amenewo.

Mlongoyo anaphunziradi, osati zamasewera. Anabwerako ndi digiri ya zamalonda, tayi, ndi chizolowezi choyamba nkhani iliyonse ndi mawu oti "malinga ndi kafukufuku." Anthu amumsewu anayamba kumuitana kuti a Digiri. Iye ankavomera mokondwa, osadziwa kuti akangotembenuka anthuwo amatsinana. Ntchito anaisaka zaka ziwiri mpaka nsapato zinatha zidendene, osaipeza. Tsiku lina anakhala pampando wa makasitomala pakhonde paja n'kunena kuti:

"Achemwali, mwalemeretsa anthu mokwanira. Tiyeni titsegule kampani yathu. Koma tisayambe chiyambeyambe ngati anthu enawa. Tiyambe ndi pulani."

Tinene zoona, pakuti ngakhale munthu akupsetse mtima chotani, zabwino zake sitikwirira. Mlongoyo anagwira ntchito. Sabata yathunthu anaima pambali pa makina, wotchi ili m'manja, kuwerenga mphindi zimene malaya amodzi amadya. Anayeza ulusi, anawerenga mabatani, anafunsa ndi mtengo wa makala a m'simbi womwe. Kenako anamuonetsa Singano papepala kuti pa mtengo umene ankasokera diresi la mwana, akachotsapo nsalu, ulusi ndi theka la mwini khonde, iye ankangotsala ndi thukuta. Zaka zonsezo ankavekera ana a eni ulere, n'kumawathokozanso makolo awo. Singano anakwiya masiku atatu osalankhula ndi munthu, chifukwa zinali zoona. Mlongoyo anamuonetsanso kuti akayala mapatani mopingasa, manja a malaya n'kuwalowetsa m'mipata yotsala, nsalu imene inkatulutsa malaya asanu ndi anayi imatulutsa khumi ndi amodzi. Telala wa zaka khumi ndi zisanu kuphunzitsidwa kudula ndi munthu wosatha n'kulowetsa ulusi pasingano komwe! Anayesa, zinathekadi. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kumuopa pang'ono mwana amene anamulera yekha.

Pulaniyo inaima pa mwendo umodzi, koma mwendowo unkaoneka wonenepa. Sukulu ya kumtunda inali ndi ana mazana asanu. Mwana aliyense amafuna mayunifolomu awiri pachaka, poti ana amakula ndiponso amakwera mitengo. Makolo ankakagula kutali, zodula, zosokedwa mwachinyengo zoti ukachapa kawiri kolala yapita kwawo. Tsono Singano atatsegula shopu mumsewu womwewo, n'kupikula nsalu yambiri nthawi imodzi pamtengo wotsika, ndani akanapitanso kwina? Wogulitsa nsalu anati mtengo wotsikawo ndi wa munthu wotenga mipukutu makumi atatu, ndipo katundu akatuluka pakhomo pake sabwerera.

Zonsezi mlongoyo anazitayipa pakompyuta, masamba makumi anayi, n'kukazimangitsa m'chikuto chakuda cholimba cha zilembo zagolide. Patsamba loyamba panali mawu oti Mkulu wa Kampani, ndipo pansi pake panali dzina la Singano, dzina lake lenileni, lathunthu, limene ngakhale iye mwini anali atayamba kuliiwala. Munthu amene anasiya sukulu atangodziwa kuwerenga ndi kulemba miyezo! Akakhala yekha ankatsegula tsamba limenelo, kulisisita, n'kutsekanso. Apa ndi pamene anagwera, ndipo ankadziwa yekha mumtima.

Pajatu anachenjezedwa. Ichi n'chimene chinkamuwotcha m'chifuwa tsopano, ataima ndi kalata m'manja. Kutatsala sabata imodzi kuti akagule nsalu, mkazi wa ahedi anabwera pakhonde paja kudzayesa diresi. Singano anagwada pansi kupinda mpendero, mapini asanu ali pakamwa, mayiyo ali chiimire akulankhula ngati wailesi. Munthu akamayezedwa chovala amaiwala kuti telala ali ndi makutu. Anadandaula za miyendo yotupa, za wantchito wake wotapa shuga, kenako za amuna ake.

"Sakugona abambo kunyumbaku. Eni ake atsopano a sukuluwa akufuna kusintha chilichonse. Geti, penti, belu lomwe. Ngakhale buluu uja akuti wawatopetsa m'maso."

Singano anafuna kufunsa, koma ukalankhula mapini ali pakamwa umameza imodzi. Pamene ankawatulutsa, foni ya mayiyo inalira, ndipo nkhaniyo inapita ndi mphepo. Masana omwewo anamuuza mlongo wake. Mlongoyo anaseka, kuseka kwaulemu kuja kumene kumapweteka kuposa chipongwe.

"Achemwali, pulani sitilemba ndi nkhani za poyesa madiresi. Pamafunika umboni. Mphekesera ilibe tsamba m'buku muno."

"Iwe, wakutsina khutu ndi mnansi. Pita kusukuluko ukafunse. Ukafunse bwinobwino, usakangoonetsa tayi."

Mlongoyo anapitadi m'mawa mwake, nsapato atapolisha. Ola lisanathe anabwerako, n'kuima pambali pa makina akumwetulira.

"Ndafunsa. Palibe chimene chasintha."

Chifukwa cha mawu amenewo Singano anatsanzika pakhonde paja. Anamukhuthulira mwini shopu zonse zimene anazisunga kukhosi zaka khumi ndi zisanu, zina zoti sitingabwereze pano, n'kukatapa ndalama zake zonse kubanki. Galimoto inabwera ndi mipukutu kushopu yake yatsopano, anthu amumsewu n'kuima kuonerera ikutsitsidwa. Malinga ndi pulani, kudula kunayenera kuyamba sukulu ikatsekera, ndiye kwa milungu isanu nsaluyo inangokhala kukhoma, mwini wake akusoka mazipi ndi kuipukuta fumbi m'mawa uliwonse.

Tsopano anapinda kalata ija, anaiika m'thumba la epuloni, anakhoma shopu, n'kuyamba kukwera msewu. Sanavule n'komwe tepi m'khosi. Anthu anamupatsa moni, iye osawaona. Atafika kusukulu anapeza geti litapakidwa penti yofiirira. Pentiyo sinali ya dzulo. Inali itauma kalekale, moti ana anali atalembapo kale maina awo ndi misomali. Aliyense amene akanakwera msewuwu ndi maso otsegula akanaona, koma iye milungu isanu yonse anali pansi kulondera nsalu.

Mlembi wa pasukulupo anali mayi wachikulire wa magalasi achingwe, wodekha, amene ankadinda makalata osayang'ana n'komwe pamene chidindo chikugwera.

"Ndikufuna ahedi."

"Ali pamsonkhano. Ndingakuthandizeni ine?"

Singano anayala kalata ija pakauntala n'kuimenya ndi chikhatho.

"Ichi n'chiyani? Mumangodzuka m'mawa n'kusintha mtundu ngati mukusintha malaya? Anthufe tinagula nsalu! Pakamwa munasiya kuti, osatiuza?"

Mlembiyo anayang'ana tepi ya m'khosi ija, kenako nkhope.

"Ndinu a shopu yatsopano kumunsiku? Pepani, mayi. Komatu tinawauza achimwene anu aja. Ovala tayi aja."

"Munawauza chiyani?"

"Ndinawauza ndine, ataima pomwe mwaimapo. Ndinati musagule kaye nsalu, akuluakulu akukambirana za mtundu, dikirani mwezi umodzi. Iwo anafunsa kuti kodi kalata yatuluka? Ndinati ayi, sinatuluke. Anati ndiye kuti pakadali pano palibe chimene chasintha? Ndinati pakadali pano palibe, koma chisintha ndithu. Anathokoza bwinobwino n'kumapita. Aulemu kwambiri achimwene anu aja."

Singano anagwira kauntala ndi manja awiri. Anafunsa funso limodzi limene linatsala.

"Nanga yofiirirayo asoke ndani?"

"Apatsa fakitale ina. Izigulitsidwa muofesi muno, ndizigulitsa ndine. Pepani kwambiri."

Potsika msewu mawu aja ankamugunda m'mutu pa phazi lililonse. Palibe chimene chasintha. Chopweteka kwambiri chinali chakuti mlongo wake sananame. Anatenga mawu a mlembi, anawayala, anadula kachidutswa kamene kankamukwana iyeyo, n'kutaya zotsalazo. Zikanakhala kuti akuba athyola shopu, bwenzi akulira ndipo anansi akubwera kudzamupepesa. Koma uyu ndi mwana amene anamupukuta mamina. Anamutuma chifukwa iye ankaopa kukalankhula m'maofesi, ankaona ngati kumeneko kumafuna anthu a tayi. Ndipo naye Singano, munthu amene sankakhulupirira ngakhale kasitomala wonena kuti chiuno chake sichinakule, mpaka atamuzunguliza tepi, analandira mawu atatu okha osafunsanso kachiwiri. Anawalandira chifukwa ndi amene ankafuna kumva. Anadzitukwana mokweza pakati pa msewu, mpaka munthu wina wapanjinga anacheuka.

Pakhomo pa shopu panaima galimoto yonyamula katundu, ndipo chitseko chinali chotsegula. Mlongo wake anali ndi makiyi ake. Analimo m'katimo, tayi ili m'khosi, buku lakuda lili m'khwapa. Pambali pake panaima wogulitsa nsalu uja, bambo wamimba yake, akugogoda mipukutu umodziumodzi ndi kiyi ya galimoto, milomo ikuwerenga.

"Achemwali, mwabwera bwino," anatero mlongoyo mofulumira. "Musadandaule, kalata ija ndinaiona Loweruka. Zoterezi pulani inaziganizira kale. Tsamba 37, njira yotulukira. Bwanawa avomera kutenganso katunduyu."

"Loweruka," anatero Singano. "Unaiona Loweruka. Dzulo tinadya mbale imodzi, unandipempha ndi mchere womwe."

"Ndimafuna ndibwere ndi yankho, osati vuto lokha."

Wogulitsa nsalu anakhosomola.

"Mayi, ine nthawi ndilibe. Paja mukudziwa kuti katundu wanga sabwerera, koma ndamva chisoni. Ndikupatsani gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo uja. Lero, pompano, m'manja. Koma yathunthu yokhayokha. Mpukutu umene sizasi yalawa ine sinditenga."

"Chisoni chanucho n'chokonzeka bwanji, chabwera ndi galimoto yomwe," anatero Singano osamuyang'ana. Maso ake anali pa mlongo wake. "Ndachokera kusukulu. Mlembi akupereka moni. Akuti ndiwe waulemu kwambiri."

Nkhope ya mlongoyo inagwa. Anasuntha buku kulichotsa m'khwapa ili kuliika m'khwapa linalo.

"Anakuuza chiyani tsiku lija?"

"Achemwali, pamaso pa alendo..."

"Munthu amene akuwerenga nsalu yanga ndi kiyi si mlendo. Anakuuza chiyani?"

"Anati akukambirana. Kukambirana si kugamula. Malinga ndi..."

"Ukangoti kafukufuku ndikuswa mutu ndi simbi iyi."

Panja anthu awiri atatu anali atayamba kuchedwa dala podutsa pakhomo.

"Ndinaona ngati sangasinthe," anatero mlongoyo. "Masukulu amakambirana zinthu zambiri zimene sachita."

"Unaona ngati. Unalemba tsamba liti zimenezo? Tsegula undionetse. Buku lakolo lili ndi tsamba la moto, tsamba la akuba, tsamba la makina akathyoka, ndi tsamba la ine ndikadwala lomwe. Unandiwerengera usiku ndi usana mpaka ndinaloweza. Tsamba la zimene unamva ndi makutu akowo lili kuti? Unati mphekesera ilibe tsamba. Chabwino. Nanga mawu a mlembi wa pasukulu, ali muofesi mwake, atakhala pampando wake, nawonso ndi nkhani za poyesa madiresi?"

Mlongoyo atayamba kulankhula, mawu ake sanali a Digiri ayi. Anali a mwana amene wapezeka ndi dzanja m'chitini cha shuga.

"Buku linali litamangidwa kale, achemwali. Ndinali nditakawaonetsa kale aphunzitsi anga a kukoleji, anati sanaonepo pulani yokongola chonchi, akufuna aziphunzitsira ena. Ndikanachotsa buluu, masamba onse makumi anayi akanagwa, chifukwa onse akhala pa buluuyo. Miyezi iwiri ndinalemba. Ndikanabwera kudzakuuzani kuti tidikire, tiyambirenso, mukanati sukulu yonse ija munavutikira chiyani. Zaka ziwiri ndakhala ndikudya kwanu manjamanja. Ichi chokha n'chimene ndinabweretsa."

Singano anamva chisoni, ndipo chisonicho chinamukwiyitsa kuposa china chilichonse, chifukwa ndi chomwecho chinamudyera zaka zake pakhonde la mwini.

"Ndiye unaona kuti bola ndigwe ine, kusiyana n'kuti ligwe buku."

Wogulitsa nsalu anayang'ana wotchi yake, n'kuigogoda ndi chala ngati yaima.

"Mayi, madzi akatayika saoleka. Landirani zimene zilipozi. Ndamva kuti pakhonde paja sanaikepo munthu wina."

Anali atafufuza ndi zimenezo zomwe, galu ameneyu. Singano anaona zonse bwinobwino ngati zachitika kale. Alandira kagawoko, atseka shopu, asenzetsa makina pangolo, akagogoda kwa mwini khonde uja n'kumeza mawu onse amene anamulavulira. Munthuyo amulandira ndithu, akumwetulira, ndipo ulendo uno satenga theka lokha. Pamenepo n'kuti bambo wamimbayu atagulitsa nsalu yomweyi pamtengo wathunthu sabata isanathe.

Agulitsa kwa ndani?

Funso limeneli linamuimitsa. Munthu ngati uyu sawotcha mafuta a galimoto chifukwa cha chisoni. Ngati akuifuna nsaluyi, ndiye kuti alipo amene amaivala. Ndipo Singano ankawadziwa, pakuti zaka khumi ndi zisanu ndi iye amene ankawaika zigamba. Amakaniko a m'magalaja ndi maovololo awo otha m'mawondo. Owotcherera zitseko, amene moto umawaboolera manja a malaya mwezi uliwonse. Amayi okolopa m'zipatala, alonda a m'mageti, onyamula katundu m'mashopu a zitsulo. Onsewo buluu, ndipo onsewo amadandaula chinthu chimodzi, kuti nsalu za masiku ano n'zopepera. Sanawawerengepo. Sankadziwa ngati ali makumi asanu kapena mazana asanu. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuuza kuti ndisokereni. Zikanatheka ndithu kusoka maovololo n'kuwapachika mpaka atadya fumbi, iye n'kutsala wopanda nsalu, wopanda ndalama, wopanda khonde. Anachita mantha, mantha enieni.

Koma ankadzidziwanso yekha. Akangoti ndiganize kaye, bamboyu abweranso Lachisanu, ndipo pofika Lachisanu mantha adzakhala atamudya mpaka adzagulitsa pamtengo wotsikirapo, n'kuthokozanso.

Anatsegula dirowa n'kutulutsa sizasi yaikulu yazigwiriro zakuda. Anakoka mpukutu wapamwamba, unagwera pathebulo kuti phi, anang'amba pulasitiki ndi mano, anatambasula nsalu kutalika kwa mkono, n'kulowetsa sizasi. Nsalu yolimba ikamadulidwa imalira, ndipo inaliradi m'shopu monse. Anaukankhira pambali n'kukoka wachiwiri.

"Mayi! Mwapenga kodi?" anakuwa wogulitsa nsalu.

"Mwati umene sizasi yalawa simutenga. Ndikuilawitsa yonse."

"Mukutaya ndalama zanu!"

"Eya, zanga. Mwanena bwino."

Wachitatu. Wachinayi. Mzere unkatuluka wowongoka, poti dzanja la telala silifunsa mtima. Pofika mpukutu wachisanu bambo uja anatuluka akutukwana amayi osaphunzira, anamenyetsa chitseko cha galimoto, n'kuchoka ndi chisoni chake. Anthu apakhomo aja anapatuka kumupatsa njira, kenako anabwereranso pamalo pawo.

Mlongoyo anali ataika buku pampando. Anasendera pafupi, manja ali m'mwamba ngati munthu wofuna kugwira nkhuku.

"Achemwali, mukudulira ndani? Palibe wakuitanitsani, palibe miyezo. Ndipatseni milungu iwiri yokha ndilembe pulani ina. Ndikawerenga magalaja onse, ndikafunsa kuzipatala, ndikupezerani mtengo wa ovololo imodzi mpaka batani lomaliza. Simungangodula mumdima."

Singano anaika sizasi pansi. Apanso mlongoyo ankanena zoona, ndipo iye ankadziwa. Magalajawo ankafunikadi kuwerengedwa. Mtengo wa ovololo unkafunikadi kudziwika asanasoke, kuti asayambirenso kuveka anthu ulere. Panalibe munthu mumsewu wonsewo amene akanaichita ntchito imeneyo bwino kuposa uyu waima apayu. Koma akapita kugalaja n'kukamva kuti sitikufuna, adzabwera n'kunena chiyani? Adzaima pakhomo akumwetulira, ndi mawu ena oona odulidwa bwino. Kuyenda adzayenda yekha Singano, ndi miyendo yakeyi, ngakhale atamachita chibwibwi pamaso pa mabwana.

Anapukuta manja paepuloni, anaimirira bwinobwino, n'kulankhula modekha ngati akulankhula ndi kasitomala wachilendo.

"Kuwerenga mumatha, bambo. Mitengo munandiphunzitsa ija ndi yoona, kayalidwe ka mapatani kajanso n'koona, ndipo ndikuthokozani. Koma ndinakutumani kuti mukandimvere, inu munakasankha zoti ndimve. Makiyi a shopu ikani pathebulopo."

Mlongoyo anaima kukamwa yasa. Chibadwire chake anali iwe. Iwe dzuka, iwe kasambe, iwe wadya kodi, iwe chitsiru bwera kuno ndikusokere kabudula. Ngakhale tsiku limene analandira digiri, pakati pa anthu ovala mikanjo, mchemwali wake anamukumbatira n'kunena kuti iwe, wandichotsa manyazi.

"Achemwali," anatero, "mukunena inu kwa ine?"

"Pitani bwino, bambo."

Makiyi analira pathebulo. Singano anagwada pansi n'kuyamba kung'amba pulasitiki ya mpukutu wachisanu ndi chimodzi. Sanadzutse mutu, koma anamumva ataima pakhomo nthawi yaitali, akudikira kuti amutukwane monga kale. Mawu otukwana anali nawo, odzaza pakamwa mpaka kuwawa, ndipo ankadziwa kuti akangotulutsa amodzi okha ndiye kuti wamukhululukira. Analuma mlomo n'kutola sizasi.